Kusintha Mankhwala a Khunyu: Zifukwa, Kachitidwe ndi Mavuto Ake

Munthu wodwala khunyu akauzidwa kuti asiye mankhwala amene wakhala akumwa n'kuyamba ena, pamabuka mafunso atatu. Kodi atsopanowo aletsadi kugwa? Kodi thupi liwalandira bwanji? Nanga pa milungu imene akale akuchepetsedwa, atsopano asanafike pa mlingo wokwanira, munthuyo amatetezedwa ndi chiyani?

Mafunsowa amakhudza anthu ambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo pafupifupi 80 pa 100 alionse mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Limanenanso kuti odwala ofika 70 pa 100 alionse angathe kukhala osagwa atapimidwa bwino ndi kupatsidwa mankhwala oyenera. Koma mankhwala oyenerawo sapezeka nthawi zonse ulendo woyamba. Kwa pafupifupi theka la odwala, mankhwala oyamba amalephera kapena amavuta kumwa, ndiye pamafunika kusintha. Kusinthako ndi ntchito ya milungu kapena miyezi, ndipo ngozi zake zambiri zimabwera chifukwa cha zinthu ziwiri: kufulumira, ndi kusaulula zimene thupi likumva.

Khunyu ndi mmene mankhwala amagwirira ntchito

Mu ubongo muli timaselo ta minyewa tambirimbiri timene timatumizirana uthenga kudzera m'timphamvu ta magetsi tating'ono kwambiri. Munthu amagwa pamene gulu la timaselo timeneti layamba kutumiza uthenga nthawi imodzi mopitirira muyezo. Kwa ena chisokonezochi chimayambira mbali imodzi ya ubongo: mkono umodzi umagwedezeka, kapena munthu amamva fungo lachilendo n'kuyamba kutafuna mkamwa mopanda kanthu, osamva ataitanidwa. Kwa ena chimagwira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi: munthu amauma thupi, kugwa, kuphupha, mwinanso kudziluma lilime. Palinso ana amene amangoti duu kwa masekondi angapo n'kupitiriza zimene amachita, ndi achinyamata amene manja awo amadzidzimuka m'mawa mpaka kugwetsa kapu.

Malinga ndi tanthauzo limene bungwe la akatswiri la International League Against Epilepsy linakhazikitsa mu 2014, munthu amatchedwa wodwala khunyu ngati wagwa kawiri popanda chomuyambitsa chapanthawiyo, kugwako kutatalikirana maola oposa 24, kapena ngati wagwa kamodzi koma zoyeza zikuonetsa kuti mpata wogwanso ndi waukulu. Kuno kwathu zoyambitsa zodziwika ndi malungo a mu ubongo, kubanika kwa mwana pobadwa, matenda oumitsa khosi, kuvulala m'mutu pangozi zapamsewu, sitiroko, matenda olowa mu ubongo chitetezo chikatsika ndi HIV, ndi timphutsi ta njoka zam'mimba za nkhumba timene timakakhazikika mu ubongo. Khunyu si matenda opatsirana.

Mankhwala sachotsa chipsera kapena vuto limene linayambitsa matendawa. Ntchito yawo ndi kuletsa timaselo kuti tisatakasike mopitirira, ndipo amatero pokhapokha akakhala m'magazi pa mlingo wokwanira. Carbamazepine, phenytoin ndi lamotrigine amachedwetsa timipata timene mchere wa sodium umalowera m'timaselo. Phenobarbitone amalimbikitsa GABA, chinthu chachilengedwe chimene chimakhazika ubongo pansi. Levetiracetam amakakamira pa kapuloteni kotchedwa SV2A, kamene kamathandiza kutulutsa uthenga kumapeto kwa minyewa. Sodium valproate amagwira m'njira zingapo nthawi imodzi. Popeza mankhwalawa amafika mu ubongo wonse, osati pamalo podwala pokha, mphamvu yomweyo imene imaletsa kugwa ndi imenenso imabweretsa tulo, chizungulire ndi kuganiza mochedwa.

Mbiri ya mankhwalawa

Mankhwala oyamba amene anaonetsa mphamvu yeniyeni ndi potassium bromide, amene Charles Locock anawafotokoza ku London mu 1857. Ankachepetsa kugwa, koma ankafooketsa maganizo ndi kutulutsa ziphuphu zoopsa. Mu 1912 Alfred Hauptmann, dokotala wa ku Germany, anapatsa odwala ake phenobarbitone kuti azigona bwino usiku, n'kuona kuti kugwa kwawo kwachepa. Mu 1938 Houston Merritt ndi Tracy Putnam, ku Boston, anaonetsa kuti phenytoin amaletsa kugwa popanda kugonetsa munthu kwambiri. Carbamazepine ndi sodium valproate anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zaka za m'ma 1960. M'zaka za m'ma 1990 kunabwera lamotrigine, topiramate ndi levetiracetam. Bungwe la WHO linaika lamotrigine pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2017, ndi levetiracetam mu 2023.

Mbiriyi ikuphunzitsa chinthu chimodzi chofunika. Ofufuza a ku Glasgow, ku Scotland, anatsatira odwala pafupifupi 1,800 kwa zaka 30, ndipo zotsatira zimene anatulutsa mu 2018 zinaonetsa kuti chiwerengero cha amene anasiyiratu kugwa chinakhalabe pafupifupi 64 pa 100 alionse, ngakhale mankhwala atsopano ambiri anali atabwera. Phindu lalikulu la mankhwala atsopano si mphamvu yoposa akale. Phindu lake n'lakuti ena salimbana kwambiri ndi mankhwala ena, ena ndi abwinoko kwa amayi oyembekezera, ndipo dokotala amakhala ndi posankha pambiri. M'zipatala zambiri za boma ku Malawi ndi ku Zambia, amene amapezeka kawirikawiri ndi akale aja: phenobarbitone, carbamazepine, sodium valproate ndi phenytoin. Akagwiritsidwa ntchito bwino amathandiza anthu ochuluka.

Zifukwa zosinthira

Chifukwa choyamba ndi kugwabe ngakhale munthu akumwa mankhwala. Apa dokotala wosamala safulumira kulemba ena. Amayamba wafunsa ngati matendawo alidi khunyu, pakuti kukomoka kobwera ndi vuto la mtima kapena ndi kupsinjika maganizo kumafanana ndi khunyu koma sikumva mankhwalawa. Amafunsa ngati mankhwalawo akugwirizana ndi mtundu wa kugwako, chifukwa carbamazepine ndi phenytoin angathe kuwonjezera kugwa kongoti duu kuja ndi kudzidzimuka kwa manja. Amaona ngati mlingo unakwezedwa mokwanira, makamaka kwa mwana amene wakula koma mlingo wake ndi womwewo wa zaka ziwiri zapitazo. Amafunsanso za kudumphitsa kumwa, mowa ndi kusagona. Mankhwala amene amamwedwa masiku anayi pa sabata sitinganene kuti alephera.

Chifukwa chachiwiri ndi mavuto amene munthu sangathe kukhala nawo: mwana wasukulu amene akungowodzera m'kalasi, kapena mtsikana amene wanenepa ndi kuthothoka tsitsi mpaka kuyamba kubisa mapiritsi. Chachitatu ndi kukonzekera kutenga pakati. Chachinayi ndi kuyamba mankhwala ena amene akulimbana ndi a khunyu, monga ma ARV kapena a chifuwa chachikulu. Chachisanu, chimene ndi chofala m'dera lathu lino, ndi kusowa kwa mankhwala kuchipatala kapena kukwera mtengo kwake. Kusintha kotereku n'koopsa kuposa kwina konse chifukwa kumachitika mwadzidzidzi, popanda ndondomeko.

Kodi mwayi wa mankhwala achiwiri ndi wotani? Kafukufuku wa ku Glasgow uja anapeza kuti pafupifupi theka la odwala onse anasiya kugwa ndi mankhwala oyamba, ena pafupifupi 12 pa 100 alionse ndi achiwiri, ndipo ena pafupifupi 4 ndi achitatu. Mwayi umakhala waukulu ngati oyamba anasiyidwa chifukwa cha mavuto ake, ndipo umachepa ngati anasiyidwa chifukwa cholephera pa mlingo wokwanira. Mankhwala awiri oyenera akalephera, akatswiri amati khunyuyo ndi wosamva mankhwala, ndipo wodwala ayenera kutumizidwa kuchipatala chachikulu kuti akapimidwenso bwinobwino.

Zimene zimachitika m'thupi posintha

Mankhwala alionse amakhala ndi nthawi imene theka lake limachoka m'magazi. Ya levetiracetam ndi maola 6 mpaka 8. Ya phenobarbitone kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi masiku anayi. Kuti mlingo ukhazikike m'magazi pamafunika nthawi imeneyi kasanu. Choncho levetiracetam amakhazikika m'masiku awiri, pamene phenobarbitone amatenga milungu iwiri kapena itatu. Munthu amene wangomwa phenobarbitone masiku asanu sanaone mphamvu yake yonse, ndipo amene wawasiya dzulo adakali nawo ambiri m'thupi.

Chinthu chachiwiri ndi chiwindi, chimene chimaphwanya mankhwala ambiri. Carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone amachititsa chiwindi kugwira ntchitoyi mofulumira, motero mankhwala ena amene munthu akumwa amatha msanga m'magazi. Carbamazepine amafulumizitsa ngakhale kuphwanyidwa kwake komwe, n'chifukwa chake amayambidwa pang'ono n'kumakwezedwa m'milungu yoyambirira. Sodium valproate amachita zosiyana: amachedwetsa kuphwanyidwa kwa lamotrigine ndi phenobarbitone, ndiye mankhwalawa amaunjikana.

Taonani mmene zimenezi zimasinthira ndondomeko. Tiyerekeze mayi amene akuchoka pa valproate kupita pa lamotrigine chifukwa akufuna kudzatenga pakati. Valproate adakali m'thupi, lamotrigine amakhalitsa m'magazi kuwirikiza kawiri kapena kuposa, ndiye mayiyo amayamba ndi theka la mlingo umene wina aliyense akanayambira. Pambuyo pake, valproate akamachepetsedwa, lamotrigine amayamba kutha msanga, ndipo mlingo wake uyenera kukwezedwa kuti mayiyo asagwe. Tiyerekezenso bambo amene akuchoka pa carbamazepine kupita pa lamotrigine yemweyo. Kwa iye zinthu zimayenda chambuyo. Carbamazepine akachoka, chiwindi chimabwerera pa liwiro lake lakale pang'onopang'ono m'milungu iwiri kapena itatu, lamotrigine amakwera m'magazi, ndipo bamboyo angayambe kumva chizungulire ndi kuona zinthu ziwiriziwiri patapita milungu chisinthireni mlingo. Wosadziwa angaganize kuti wadwala matenda ena.

Chinthu chachitatu ndi kuzolowera kwa ubongo. Ubongo umene wakhala ndi phenobarbitone kwa zaka umadzikonza mogwirizana ndi mankhwalawo. Akachotsedwa mwadzidzidzi, munthu angagwe motsatizana osatsitsimuka, ndipo kugwa kotere kumapha. N'chifukwa chake phenobarbitone amachepetsedwa kwa miyezi.

Ndondomeko ya kusintha

Njira imene madokotala ambiri amatsata ikufanana ndi kusintha mzati wa nyumba: watsopano umayamba waimikidwa n'kulimba, kenako wakale umazulidwa. Mankhwala atsopano amayambidwa pa mlingo wochepa, akale akumwedwabe monga mwa masiku onse. Atsopanowo amakwezedwa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mpaka afike pa mlingo woteteza. Akafika pamenepo, akale amayamba kuchepetsedwa pang'onopang'ono. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti pakati pa ulendowu munthu amakhala ndi mankhwala awiri m'thupi, ndipo tulo ndi chizungulire zimakula. Anthu ambiri amagwa ulesi pa nthawi imeneyi n'kuweruza kuti atsopanowo ndi oipa, pamene vuto ndi kuphatikizana kwa awiriwo, kumene kumatha akale akachoka.

Liwiro limasiyana. Levetiracetam amafika pa mlingo woteteza m'masiku ochepa. Lamotrigine amatenga milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa, chifukwa kumukweza mofulumira kumawonjezera ngozi ya zidzolo zoopsa. Munthu amene wadumphitsa lamotrigine kwa masiku angapo asangoyambiranso pa mlingo wake wakale asanafunse kuchipatala. Kusiya mankhwala tsiku lomwelo kumachitika pokhapokha pakabuka vuto loika moyo pachiswe, ndipo zimenezi amachita ndi achipatala, amene amaika mankhwala ena oteteza m'malo mwake.

Mavuto a milungu yoyamba

Mavuto a mankhwalawa ali m'magulu atatu. Gulu loyamba limayenderana ndi kuchuluka kwa mankhwala m'magazi. Awa ndi tulo, kufooka, chizungulire, nseru, mutu, kudzandira ndi kuona zinthu ziwiriziwiri. Amabwera poyamba kumwa kapena mlingo ukakwezedwa, ndipo kawirikawiri amachepa pakatha sabata imodzi kapena zingapo. Nthawi imene amabwera imauza dokotala zambiri. Ngati munthu amaona ziwiriziwiri patapita maola awiri kapena atatu atamwa carbamazepine, kenako n'kukhala bwino masana, ndiye kuti mlingo wa nthawi imodzi wakula. Dokotala angaugawe katatu pa tsiku, angasamutsire gawo lalikulu ku usiku, kapena angabwerere pa mlingo wam'mbuyo kwa sabata zina ziwiri. Nseru ya valproate imachepa mankhwala akamwedwa pamodzi ndi chakudya.

Phenytoin amafuna kusamala kwapadera. Chiwindi chimakhala ndi malire a phenytoin amene chingaphwanye pa tsiku, ndipo malirewo akafikidwa, kuwonjezera pang'ono chabe kumakweza mankhwala m'magazi kwambiri. Munthu amayamba kudzandira ndi kulankhula molemera lilime ngati waledzera.

Palinso mavuto a khalidwe ndi maganizo, amene nthawi zambiri amaonedwa ndi apabanja wodwala asanawazindikire. Levetiracetam amapangitsa ena kupsa mtima msanga, kukhumudwa kapena kuchita ndewu. Phenobarbitone amagonetsa akuluakulu, koma ana ambiri amawasandutsa osakhazikika ndi osamvera, ndipo ana otere amakwapulidwa pa mlandu wa mankhwala. Topiramate amachititsa munthu kusowa mawu pakati pa chiganizo, kumva dzanzi m'zala ndi kuchepa thupi.

Mavuto obwera pang'onopang'ono

Gulu lachiwiri limaoneka patapita miyezi kapena zaka. Phenytoin amatupitsa nkhama, amameretsa ubweya kumaso ndipo amakhakhalitsa nkhope; kutsuka mano mosamala kumachepetsa kutupa kwa nkhamako. Valproate amanenepetsa, amanjenjemeretsa manja, amathothola tsitsi, ndipo kwa amayi ena amasokoneza msambo. Carbamazepine angatsitse mchere wa sodium m'magazi, makamaka kwa okalamba, ndipo munthu amafooka ndi kusokonezeka mutu. Mankhwala ofulumizitsa chiwindi aja, pamodzi ndi valproate, amafooketsa mafupa akamwedwa zaka zambiri. Topiramate angabweretse timiyala mu impso, choncho womwa mankhwalawa ayenera kumwa madzi ambiri, makamaka nyengo yotentha. Mavuto a gululi sadikira kuti athe okha. Ayenera kunenedwa kuchipatala kuti aone ngati phindu la mankhwalawo likuposabe mavutowo.

Zizindikiro zofuna kuthamangira kuchipatala

Gulu lachitatu ndi losowa, koma limapha, ndipo silidalira kwenikweni kukula kwa mlingo. Thupi limangowakana mankhwalawo. Choopsa kwambiri ndi matenda a khungu otchedwa Stevens-Johnson, amene amabwera kwambiri ndi carbamazepine, phenytoin, phenobarbitone ndi lamotrigine, kawirikawiri m'miyezi iwiri yoyamba. Amayamba ngati chimfine kapena malungo: kutentha thupi, zilonda zapakhosi, maso ofiira ndi othimbirira. Kenako pamabwera zidzolo, matuza, zilonda m'milomo, m'kamwa ndi kumaliseche, ndipo khungu limayamba kusupuka. Pakhungu lakuda zidzolozi sizioneka zofiira monga zimaonekera pazithunzi za m'mabuku ambiri. Zimaoneka zodera kapena zotuwira, ndipo nthawi zina zimadziwika msanga pozipapasa. Ndi bwino kuyang'ana m'maso, m'milomo ndi m'zikhatho.

Anthu amene ali ndi HIV ali pangozi yaikulu ya vutoli, ndipo Bactrim ndi nevirapine nawonso amaliyambitsa, choncho achipatala ayenera kudziwa mankhwala onse amene munthu akumwa. Amene anatulukapo zidzolo ndi carbamazepine angatulukenso ndi phenytoin kapena phenobarbitone chifukwa mankhwalawa ndi ofanana kapangidwe. Kwa anthu ochokera ku China, Thailand ndi Malaysia kuli chibadwa china chotchedwa HLA-B*1502 chimene chimakulitsa ngoziyi, ndipo anthu otere amalangizidwa kuyezetsa magazi asanayambe carbamazepine.

Zizindikiro zina zosayenera kugona nazo ndi izi: chikasu m'maso, kusanza kosalekeza, kupweteka kwambiri kwa m'mimba, kutupa nkhope ndi mwanabere pamodzi ndi kutentha thupi, kutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno popanda chifukwa, tulo tosadzutsika, kupweteka kwa diso ndi kusaona bwino mwadzidzidzi, ndi maganizo ofuna kudzipha. Ngozi ya chiwindi ya valproate ndi yaikulu kwambiri kwa ana osakwana zaka zitatu. Kugwa kopitirira mphindi zisanu, kapena kugwa kobwerezabwereza munthu osatsitsimuka pakati pake, nakonso n'kofuna chipatala nthawi yomweyo.

Ma ARV, chifuwa chachikulu, malungo, kulera ndi pakati

Kuyambira mu 2019 anthu ambiri omwa ma ARV ku Malawi anasamutsidwira ku mankhwala okhala ndi dolutegravir. Carbamazepine, phenytoin ndi phenobarbitone amatsitsa dolutegravir m'magazi, ndipo zimenezi zingapatse kachilombo mpata wochulukana ndi kuyamba kusamva mankhwala. Achipatala amawonjezera mlingo wa dolutegravir kapena amasankha mankhwala a khunyu osafulumizitsa chiwindi. Wodwala akachoka pa mankhwala ofulumizitsa chiwindi, kuchipatala cha ma ARV ayeneranso kudziwitsidwa. Pa mankhwala a chifuwa chachikulu, rifampicin amatsitsa lamotrigine, valproate ndi phenytoin, pamene isoniazid amakweza phenytoin ndi carbamazepine. Mankhwala a malungo a LA nawonso amachepa mphamvu akakumana ndi mankhwala ofulumizitsa chiwindi.

Pa nkhani ya kulera, mankhwala atatu ofulumizitsa chiwindi aja amafooketsa mapiritsi olera ndi timachubu toika pamkono monga Jadelle ndi Implanon. Jakisoni wa Depo ndi lupu sizikhudzidwa. Ndi lamotrigine zinthu zimatembenuka: mapiritsi olera okhala ndi oestrogen ndi amene amatsitsa lamotrigine pafupifupi ndi theka.

Valproate ndi amene ali ndi ngozi yaikulu kwa mwana wosabadwa. Mwa ana 100 alionse obadwa kwa amayi amene ankamwa mankhwalawa ali ndi pakati, pafupifupi 10 amabadwa ndi chilema chachikulu monga msana wosatsekeka, pamene mwa ana onse chiwerengerochi ndi awiri kapena atatu. Ana 30 mpaka 40 pa 100 alionse amachedwa kulankhula, kuyenda kapena kuphunzira. Lamotrigine ndi levetiracetam ali ndi mbiri yabwinoko. Msana ndi mtima wa mwana zimapangika m'milungu yoyambirira, nthawi zambiri mayi asanadziwe n'komwe kuti waima, ndiye nthawi yabwino yosintha ndi asanatenge pakati, akumwanso folic acid. Mayi amene wazindikira kuti ali kale ndi pakati asasiye mankhwala payekha, pakuti kugwa kwakukulu kungaphe iye ndi mwana yemwe. Apite kuchipatala msanga.

Mfundo zimene akatswiri sanamvane

Mtsutso woyamba ndi wakuti, mankhwala oyamba akalephera, kodi ndi bwino kuwachotsa n'kuika ena, kapena kuwonjezera ena pamwamba pake? Okonda mankhwala amodzi amati mavuto amachepa, mtengo umatsika ndipo kumwa sikusokoneza. Ena amati ngati oyamba anathandizako, kuwachotsa n'kutaya phindu limene lapezeka kale. Kafukufuku woyerekeza njira ziwirizi sanapeze kusiyana kwakukulu, ndiye chisankho chimadalira munthu payekha.

Wachiwiri ndi wa mankhwala abwino koposa. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa SANAD, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2007 ndi mu 2021, anapeza kuti lamotrigine ndi amene anachita bwino pa kugwa koyambira mbali imodzi ya ubongo, ndipo valproate pa kugwa kogwira ubongo wonse. Apa pali chothetsa nzeru: mankhwala amphamvu kwambiri pa mtundu wachiwiriwu ndi omwe aja oopsa pa pakati. Dziko la Britain linakhwimitsa malamulo a valproate kwa amayi mu 2018, ndipo mu 2024 linaperekanso chenjezo kwa abambo ofuna kubereka, ngakhale akatswiri akutsutsanabe pa umboni wokhudza abambo. Madokotala ena akudandaula kuti kuchotsa anthu pa valproate mwamantha kungachititse ena kugwanso.

Wachitatu ndi wa phenobarbitone. M'mayiko olemera anasiya kumuika patsogolo chifukwa cha tulo ndi kusokoneza khalidwe la ana. Ena amati ndi wotsika mtengo, amamwedwa kamodzi pa tsiku, amathandiza mitundu yambiri ya kugwa, ndipo kumene kulibe mankhwala ena amapulumutsa miyoyo.

Wachinayi ndi wa kusintha kampani yopanga mankhwala omwewo. Mu 2013 bungwe loyang'anira mankhwala ku Britain linalangiza kuti omwa phenytoin, carbamazepine ndi phenobarbitone azikhala pa kampani imodzi, koma linati kwa levetiracetam zimenezi sizofunika kwenikweni. Kafukufuku wa ku America woyerekeza lamotrigine wa makampani osiyana sanapeze kusiyana kodetsa nkhawa. Kumene mapiritsi amasintha mtundu mwezi ndi mwezi, ngozi yodziwikiratu ndi kusokoneza mphamvu ya piritsi, monga kulandira la 100 mg m'malo mwa la 200 mg n'kumamwa chiwerengero chomwecho.

Wachisanu ndi wa maganizo ofuna kudzipha. Mu 2008 bungwe la FDA la ku America linachenjeza za mankhwala onse a khunyu pa nkhaniyi. Akatswiri ambiri amati chenjezolo linaphatikiza mankhwala osiyana kwambiri, ndiponso khunyu payekha amayendera limodzi ndi matenda a kukhumudwa. Chimene onse amavomereza n'chakuti wodwala aliyense azifunsidwa za mmene akumvera mumtima.

Zimene wodwala ndi apabanja angachite

M'zipatala zambiri zazing'ono mulibe makina oyeza kuchuluka kwa mankhwalawa m'magazi, ndiye dokotala amadalira zimene wauzidwa. Kope wamba lasukulu limathandiza kwambiri. Tsiku lililonse pazilembedwa mankhwala amene amwedwa ndi nthawi yake, kugwa kulikonse ndi kutalika kwake, ndi vuto lililonse lachilendo pamodzi ndi ola limene layamba. Amayi alembenso masiku a msambo. Kopelo lizipita kuchipatala pamodzi ndi munthu amene amaona wodwalayo akagwa, pakuti mwini wake nthawi zambiri sakumbukira.

Ndondomeko yosinthira ilembedwe m'buku la kuchipatala sabata ndi sabata: mapiritsi angati a mankhwala ati, m'mawa ndi madzulo. Pawindo lolandirira mankhwala, mapiritsi awiri oyera ofanana kukula angaperekedwe m'timatumba tapulasitiki tofanananso, tolembedwa ndi cholembera chimene chimafufutika m'thumba la malaya. Musanachoke pawindopo funsani kuti akale ndi ati, atsopano ndi ati, ndipo ikani chizindikiro chanu pa kathumba kalikonse. Funsaninso ngati mankhwala atsopanowo azipezeka mwezi uliwonse, ndi chochita mukaiwala kumwa kapena mukasanza. Kukatenga ena kuzichitika kutatsala sabata kuti amene muli nawo athe.

Pa miyezi yosinthira, ngakhale munthu amene watha zaka osagwa ayenera kukhala ngati angagwe tsiku lililonse. Asaphike yekha pamoto kapena pambaula, asatunge madzi yekha pachitsime kapena kumtsinje, asasambire, asakwere padenga kapena mumtengo, ndipo asayendetse galimoto kapena njinga yamoto mpaka dokotala atavomereza. Mayi asambitse khanda pali munthu wina, ndipo aziyamwitsa atakhala pansi pamphasa. Kuchezera usiku wonse pamaliro kapena pamapemphero, mowa, ndi kusala kudya kophatikizapo kusala mankhwala zimayambitsa kugwa. Mankhwala azitsamba anenedwe poyera kuchipatala, chifukwa ena amalemetsa chiwindi. Ngati n'kotheka, wodwala asagone m'nyumba yekha, popeza imfa yadzidzidzi ya odwala khunyu, imene imagwera munthu wamkulu mmodzi pa 1,000 alionse pachaka, imachitika kwambiri usiku ndiponso kwa amene akugwabe kugwa kwakukulu. Munthu akagwa, mugonekeni chammbali, chotsani zinthu zimene zingamuvulaze, ndipo musamuike kanthu kalikonse m'kamwa.

Kuweruza ngati kusintha kwatheka kumafuna nthawi. Amene ankagwa sabata iliyonse angadziwe m'miyezi iwiri kapena itatu. Amene ankagwa kawiri pachaka ayenera kudikira chaka kapena kuposa. Muyezo wake uli pawiri: kugwa kuthe, ndipo munthuyo athe kuphunzira, kulima kapena kugwira ntchito yake ali ndi maganizo akuthwa. Ngati mbali imodzi yokha yatheka, ntchito sinathe, ndipo wodwala ali ndi ufulu wobwerera kuchipatala kukapempha kuti mlingo kapena mankhwala awunikidwenso.